Mmene Tingayesere Wotchi ya Pamkono

Chaka chatha, titangotsegulira teremu yachiwiri, Aphunzitsi Aakulu anandisankha kuti ndikhale woimba belu la sukulu yathu. Ndinakondwa ndithu ndi udindo umenewu, makamaka popeza ndinali nditangogula wotchi yanga yoyamba. Ndalama zake ndinazipeza pa tchuthi, nditaumba njerwa za munthu milungu itatu, ndipo wotchiyo ndinaigula kwa bambo wina woyala malonda ake pansi pafupi ndi pokwerera basi. Inali yaikulu, yolemera, yonyezimira ngati golide, ndipo pankhope pake panali timabwalo titatu tating'ono ndi mawu ambiri a Chingerezi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kupinda manja a malaya, ngakhale kunja kuzizire.

Koma chimwemwe changa sichinakhalitse. Lolemba lina m'mawa ndinaimba belu la msonkhano, ndili wokhulupirira kuti ndaimba pa nthawi yake. Pofika pabwalo ndinapeza Aphunzitsi Aakulu ataima kale, alikuyang'ana pamkono pawo. Anandiitana pamaso pa sukulu yonse nati, "Mnyamata iwe, wachedwetsa anthu 400 ndi mphindi 9. Kawerengere wekha kuti wataya maola angati." Ndinawerengera, ndipo ndinapeza maola 60. Belu anandilanda tsiku lomwelo, nalipereka kwa mnyamata wa Fomu 2 amene anali ndi kawotchi kakuda ka pulasitiki, komwe ine ndinkakaseka.

Madzulo ake Aphunzitsi a sayansi anandipeza nditakhala ndekha kuseri kwa kalasi. Iwo sanandiseke, koma anati, "Mwana wanga, wotchi si mkanda. Ndi chida choyesera, monga sikelo kapena lula. Kodi iwe unayamba waiyesa wotchi yakoyo?" Ndinayankha kuti, "Iyayi, Aphunzitsi." Pamenepo anandibwereka mabuku awiri, ndipo ine ndi anzanga anayi tinayamba kukumana Lachitatu lililonse kuphunzira za mawotchi. Zimene tinapeza ndizo ndifuna kukufotokozerani muno, pakuti ndidziwa kuti ambiri a ife tidzagula wotchi tisanalembe mayeso a Fomu 4, popeza m'chipinda cha mayeso saloleza foni.

MITUNDU IWIRI YA MAKINA

Tisanayambe kuyesa, tiyenera kudziwa kuti mawotchi a pamkono alipo mitundu iwiri yaikulu. Mtundu woyamba ndi wa sipuling'i. Mwini wake apotokola kamutu ka m'mbali, sipuling'i nimangika, ndipo pomasuka pang'onopang'ono iyendetsa timagudumu ta mano. Chimene chiletsa kuti isamasuke nthawi imodzi ndicho kagudumu kena kamene kapita uku ndi uku, kogwiridwa ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi. M'mawotchi akale kagudumuka kagunda kasanu pa sekondi, ndiko kuti ka 18,000 pa ola. M'mawotchi ambiri atsopano kagunda ka 28,800 pa ola. Ena a mtundu uwu adzipotokola okha: mkati mwake muli kachitsulo kolemera, kooneka ngati mwezi wa theka, kamene kazungulira munthu akamagwedeza mkono. Amenewa alembedwa kuti Automatic.

Mtundu wachiwiri ndi wa batire. Mkati mwake muli kamwala kotchedwa quartz, kamene kanjenjemera magetsi akakadutsa, ka 32,768 pa sekondi. Inu okonda masamu tagawani nambala imeneyi ndi 2, yankho lake ndi 2, mpaka maulendo 15. Mudzatsala ndi 1. Momwemo ndi mmene makina ake apezera sekondi imodzi. Wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu uwu yogulitsidwa m'sitolo inali Seiko Astron, imene inatuluka ku Tokyo pa 25 December 1969. Mtengo wake unali 450,000 yen, wofanana ndi wa galimoto yaing'ono pa nthawiyo. Lero mwana wa sukulu akhoza kugula wotchi ya quartz.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi nkosavuta. Yang'anani muvi wa masekondi. Ngati ulumpha kamodzi pa sekondi, kawirikawiri wotchiyo ndi ya batire; ngati uyenda mosalala, timapazi ting'onoting'ono, ndi ya sipuling'i. Yanga ija inalembedwa kuti Automatic, koma muvi wake unkalumpha. Ndikadadziwa ichi chokha, ndalama zanga za njerwa zikadapulumuka.

CHOYAMBA: KUSUNGA NTHAWI

Ichi ndicho chachikulu koposa zonse, pakuti wotchi yosasunga nthawi ili ngati mlonda wogona. Ku Switzerland kuli bungwe lotchedwa COSC, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1973, limene ntchito yake ndi kulembetsa mawotchi mayeso. Makina a wotchi ya sipuling'i ayesedwa masiku 15, atagonekedwa m'njira 5 zosiyana, ndiponso pa kutentha kwa madigiri 8, 23 ndi 38. Awatembenuza chotero chifukwa mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi isintha mayendedwe a kagudumu kaja. Wotchi yogona chagada siyenda chimodzimodzi ndi yoimirira. Kuti ikhoze, pa avereji isachedwe kuposa masekondi 4 kapena kufulumira kuposa masekondi 6 pa tsiku. Ikakhoza ipatsidwa dzina lakuti chronometer. Kumbukirani kuti tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, tsono mudzaona kuti umisiri umenewu ngwodabwitsa.

Komabe taonani ichi. Wotchi yofulumira masekondi 6 pa tsiku ikhala itaphonya ndi mphindi 3 pakutha pa mwezi. Wotchi wamba ya quartz, imene eni ake amalonjeza kuti siphonya kuposa masekondi 15 pa mwezi, ifika pa mphindi 3 zomwezo pakutha pa chaka. Motero pa kusunga nthawi kokha, wotchi ya batire yotsika mtengo ipambana ya sipuling'i yodula. Anzanga ena anakana kukhulupirira ichi kufikira tinayesa tokha.

Mayeso ake ndi awa. Linganizani wotchi yanu ndi nthawi ya pa wailesi kapena ya pa foni ya Aphunzitsi, mpaka sekondi. Tsiku lililonse, pa ola lomwelo, lembani m'kope kusiyana kwake, ndipo chitani chotero masiku 14 osakhudza mivi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pakutha pake musayang'ane kukula kwa cholakwa kokha, koma onaninso ngati cholakwacho chili chimodzimodzi masiku onse. Wotchi yofulumira masekondi 10 tsiku ndi tsiku ili bwino, pakuti mmisiri akhoza kuibweza, ndipo mwini wake adziwa mmene angawerengere. Koma imene lero yafulumira masekondi 5, mawa yachedwa 40, mkuja yaima, palibe angaikhulupirire. Munthu wochedwa mphindi zisanu masiku onse timdziwa pomudikira. Wovuta ndi uja sitidziwa ngati adzabwera.

CHACHIWIRI: ZA M'KATI NDI KUKONZEKA KWAKE

Pa mawotchi ambiri a sipuling'i palembedwa nambala ndi liwu lakuti jewels, monga 17 jewels. Ine ndinkayesa kuti umu muli miyala ya mtengo wapatali yoti munthu angagulitse. Si choncho. Timiyala timeneti ndi ruby wopangidwa m'fakitale, wotsika mtengo, ndipo ntchito yake ndi kukhala pamene nsonga za timagudumu zizungulira, kuti zisaperepeseke msanga. Wotchi wamba yopotokola ndi dzanja ikwanira ndi timiyala 17. Yodzipotokola yokha ifuna toonjezera pang'ono, kawirikawiri 21 kufikira 25. Ogulitsa ataona kuti anthu atengeka ndi nambala, ena anayamba kuika timiyala topanda ntchito. Inalipo wotchi ya Waltham yolembedwa 100 jewels, imene timiyala take togwiradi ntchito tinali 17, tina 83 tongoikidwa m'mbali mwa kachitsulo kozungulira kaja. Nkhani imeneyi itiphunzitsa kuti nambala yaikulu pankhope siyankha funso lililonse.

Funso loyenera ndi ili: kodi wotchiyi ikafa, alipo angaidzutse? Ya sipuling'i ifuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka ngati zisanu, ndipo ikasamalidwa chotero ikhoza kutumikira atate, mwana ndi mdzukulu. Koma ntchito imeneyi ifuna mmisiri weniweni, ndipo amisiri otere sapezeka pa msika uliwonse. Ya batire ifuna batire latsopano pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale zina zipitirira pamenepo. Casio F-91W, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1989, eni ake ati batire lake likhala zaka ngati 7. Musanagule, funsani wokonza mawotchi wa kwanu ngati batire lake, lamba wake ndi galasi lake zipezeka. Safunsa anadya phula.

Yesaninso kutalika kwa mphamvu yake. Wotchi ya sipuling'i yopotokoledwa mokwanira iyenera kuyenda maola ngati 40 osaikhudza. Ngati mwaivula Loweruka madzulo niima Lamulungu m'mawa, mkati mwake muli matenda.

CHACHITATU: KULIMBA

Adani a wotchi alipo atatu: kugwa, mchenga ndi madzi. Tiyambe ndi kugwa. Nsonga za kagudumu kogunda kaja nzopyapyala kwambiri, kotero kuti kale wotchi ikagwa pa simenti zinkathyoka. M'chaka cha 1934 amisiri a ku Switzerland anatulutsa njira yotchedwa Incabloc, yoika timiyala pa kasipuling'i kofewa kuti tizitha kusuntha pang'ono wotchi ikagunda pansi. Mukaona liwu limeneli pa wotchi yakale, dziwani kuti ndi chizindikiro chabwino. Ku Japan, mmisiri wina dzina lake Kikuo Ibe anagwetsa wotchi imene atate ake anampatsa, niphwanyika. Chisoni chimenecho chinamchititsa kufunafuna wotchi yoti ipirire kugwa kuchokera pa mamita 10, ndipo m'chaka cha 1983 kunatuluka G-Shock yoyamba.

Mchenga uwononga galasi. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kuuma kwa zinthu, wochokera pa 1 kufika pa 10, umene anaukonza Friedrich Mohs m'chaka cha 1812. Daimondi ali pa 10, mchenga wamba pa 7, ndipo galasi wamba lili pansi pa mchenga. Nchifukwa chake likandika. Galasi la sapphire lili pa 9, motero mchenga sulikanda, koma nlodula, ndipo likagunda mwala mwamphamvu likhoza kusweka. La pulasitiki likandika msanga koposa onse, koma silisweka wamba, ndipo zipsera zake zichoka polipukuta. Palibe galasi lopambana pa zonse.

Za madzi ndipo ambiri anyengedwa. Wotchi yosalowa madzi inatchuka m'chaka cha 1927, pamene mayi wina wosambira, Mercedes Gleitze, anakhala maola oposa 10 m'nyanja ya pakati pa England ndi France atavala Rolex Oyster m'khosi, ndipo wotchiyo inatuluka ili kuyenda. Lero mawotchi ambiri alembedwa 30 M, 50 M kapena 100 M. Musayese kuti 30 M itanthauza kuti mukhoza kumira nayo mamita 30. Nambalayo inena za mphamvu ya madzi odekha imene anayesera m'fakitale wotchi ili yatsopano. Opanga mawotchi ambiri alangiza kuti ya 30 M ndi ya mvula ndi kusamba m'manja basi. Yosambira nayo m'nyanja ikhale ya 100 M. Ndiponso timphira totseka mipata timauma ndi zaka. Mukaona nthunzi kunsi kwa galasi, thamangirani kwa mmisiri dzimbiri lisanayambe.

Chikopa chake chakunja chikhale cha chitsulo chosachita dzimbiri kapena pulasitiki wolimba. Golide wongopaka asupuka ndi thukuta. Wa pa wotchi yanga anatha m'mwezi umodzi, nandisiyira mkono wobiriwira.

CHACHINAYI: KUWERENGEKA

Tambasulani mkono, yang'anani wotchi kamodzi, ndipo tsinzinani. Kodi mwadziwa nthawi? Ngati muyenera kuyang'ananso kachiwiri, wotchiyo yalephera. Mivi iyenera kusiyana mtundu ndi nkhope, ndipo wa mphindi utalike ndithu kuposa wa maola. Mivi ya golide pa nkhope ya golide ikongola m'sitolo, koma m'chipinda cha mayeso, mtima uli kugunda, idzakusokonezani. Ngati pali timabwalo tating'ono, dinani mabatani ake muone ngati timivi take tiyenda. Ta wotchi yanga tinali tomata ndi guluu.

Chinthu ichi sichaching'ono. M'chaka cha 1965 bungwe la NASA la ku America, litayesa mawotchi a makampani angapo pa kutentha, kuzizira ndi kugwedeza, linavomereza Omega Speedmaster, ya nkhope yakuda, mivi yoyera ndi galasi la pulasitiki. Buzz Aldrin anaivala poyenda pa mwezi mu July 1969. Mu April 1970 chombo cha Apollo 13 chitaonongeka, anthu atatu a m'menemo anazimitsa zida zambiri kuti asunge magetsi, ndipo pofuna kuwongola njira yobwerera anayatsa injini masekondi 14, alikuwerengera pa wotchi ya pamkono. Pa nthawi yotere munthu safuna zokongoletsa.

Yesaninso mumdima. Mawotchi a lero apakidwa utoto umene umwa kuwala masana nuwala usiku, ndipo ulibe choopsa. Koma kale ankapaka radium. M'zaka za m'ma 1920 atsikana ambiri ogwira ntchito yopaka mivi ku America ankasongola maburashi awo ndi milomo, ndipo anadwala matenda a mafupa, ena namwalira. Chifukwa chake mukapeza wotchi yakale kwambiri, ya zaka za m'ma 1950 kapena kumbuyo kwake, musaitsegule nokha kapena kupala utoto wake.

CHACHISANU NDI CHACHISANU NDI CHIMODZI: PAMKONO NDI PAMASO

Wotchi ikhale yolingana ndi mkono wa mwini wake. Nyanga zake zogwira lamba zisapitirire m'mbali mwa mkono, ndipo pakati pa lamba ndi khungu pazilowa chala chaching'ono. Lamba wa chikopa ngwofewa, koma m'mwezi wa October anunkha ndi thukuta. Wa chitsulo akhalitsa, koma wosapangidwa bwino azula ubweya. Ivaleni ndi kulemba nayo tsamba limodzi musanalipire.

Maonekedwe ndawaika potsiriza, osati chifukwa ali opanda pake, koma chifukwa ndiwo atinyenga poyamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dzina lakenso lifuna kusamala. Mawu akuti Swiss Made ali ndi lamulo lake: kuyambira m'chaka cha 2017, magawo 60 pa 100 a ndalama zopangira wotchiyo ayenera kukhala ogwiritsidwa ntchito ku Switzerland. Koma wakuba salemekeza lamulo, ndipo mawu awiriwa akhoza kudindidwa ndi aliyense. Mukaona dzina lotchuka pa mtengo wa nkhuku ziwiri, dziwani kuti mwagula dzina lokha.

Ngakhale pa mawotchi enieni, mtengo suyenda pamodzi ndi kusunga nthawi. Mu October 2017 wotchi ya Rolex Daytona imene inali ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu, inagulidwa ku New York pa madola 17.8 miliyoni. Wogulayo sanalipire masekondi. Kawotchi ka pulasitiki ka mnyamata wa Fomu 2 kakhoza kuiposa pa masekondi. Iye analipira mbiri yake. Tsono tisasakanize zinthu ziwirizi poyerekeza.

KUPEREKA MALIKISI

Kagulu kathu kanagwirizana kugawa malikisi 100 motere:

Kusunga nthawi: 30
Za m'kati ndi kukonzeka: 20
Kulimba: 20
Kuwerengeka: 15
Kukhala bwino pamkono: 10
Maonekedwe: 5

Awa ndi magawidwe a mwana wa sukulu. Msodzi wa kunyanja ayenera kuonjezera malikisi a kulimba, ndipo namwino wowerenga kugunda kwa mtima sangalandire wotchi yopanda muvi wa masekondi. Choyamba dzifunseni ntchito imene wotchiyo idzagwira, ndipo pamenepo gawani malikisi, musanaone wotchi iliyonse. Mukayamba kuona, mtima udzakonza malikisi mokondera.

Tinayesa mawotchi atatu masiku 14. Yanga ya golide inapeza 22. Wokonza mawotchi ataitsegula anapeza timakina ta pulasitiki tochepa ngati khobidi, ndi mphete ya chitsulo yongoikidwa kuti wotchi ilemere. Mivi yake inali yosagwira, ndipo inkaterereka ndikaomba m'manja. Kakuda ka pulasitiki kaja kanaphonya ndi masekondi 4 okha m'masiku onsewo, nikapeza 84. Yachitatu inali ya agogo anga aamuna, imene anaigula ku Joni m'chaka cha 1958 pamene ankagwira ntchito ku migodi. Ndi ya timiyala 17, yopotokola ndi dzanja, yoopa madzi, ndipo galasi lake ladzaza zipsera. Inafulumira masekondi ngati 25 tsiku lililonse, osasintha, nipeza 66.

Atandibwereka, agogo anati, "Mdzukulu wanga, uziipatsa chakudya chake m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, ndipo ukamva kuti yalimba usakakamize." Ndinati, "Ndamva, agogo." Mundifunse lero kuti pa atatuwa nditenge iti yolowa nayo m'mayeso, ndidzatenga ya 84 mosakayika. Koma mundifunse imene sindingagulitse, ndi ya 66. Malikisi atiuza wotchi yoyenera kuikhulupirira. Za imene munthu aikonda, ndi nkhani ya mwini wake, ndipo tisamanamizire kuti chikondicho ndi umboni wa ubwino wa makina.

Teremu ino Aphunzitsi Aakulu andibwezera belu. Ndiimba ndi kawotchi ka batire kamene ndinagula nditagulitsa nkhuku zanga, ndipo Lolemba lililonse ndikalinganiza ndi wailesi ya m'chipinda cha Aphunzitsi. Manja a malaya ndinaleka kupinda. Aliyense wofuna kuti wotchi yake iyesedwe abwere nayo Lachitatu tikaweruka, pamodzi ndi kope ndi pensulo. Salipira kanthu, koma asakwiye ndi zotsatira zake.

Wophunzira wa Fomu 4